Kulumikiza synthesizer yopanga nokha ku kompyuta kudzera pa MIDI

Synthesizer ya analogi imene mwawotcherera nokha imamva zinthu ziwiri basi. Choyamba ndi CV, mphamvu ya magetsi yonena kuti liwu likwere kufika pati. Chachiwiri ndi gate, yonena kuti noti yayamba kapena yatha. Kompyuta yokha imatumiza manambala a MIDI, ndiye pamafunika kabolodi koima pakati kosandutsa manambalawo kukhala magetsi. Arduino Nano kapena Uno imakwanira.

MIDI idayamba mu 1983 ndipo imayenda pa liwiro la ma bit 31,250 pa sekondi. Mukadina kiyi mu pulogalamu yoimbira ngati Reaper kapena LMMS pamapita ma byte atatu: mtundu wa uthenga pamodzi ndi tchanelo, nambala ya noti, ndi mphamvu imene mwadinira. Noti 60 ndi C wapakati, 69 ndi A wa 440 Hz.

Uthengawo ulowe pa soketi ya DIN ya miyendo isanu, kudzera mu optocoupler 6N138. Mwendo 4 wa DIN upite ku mwendo 2 wa 6N138 kudutsa pa resistor ya 220 ohm, mwendo 5 upite ku mwendo 3. Pakati pa 2 ndi 3 ikani diode 1N4148, mbali ya kamzere kakuda iloze ku 2. Kutsidya linalo, mwendo 8 ku 5 V, mwendo 5 ku ground, mwendo 7 ku ground kudzera pa 4.7 kilo-ohm. Mwendo 6 upite ku RX ya Arduino, ndipo muukokere ku 5 V ndi 470 ohm. Mwendo 2 wa DIN usalumikizidwe paliponse mbali ino.

Kachipangizo ka optocoupler aka musakadumphe. M'kati mwake uthenga umawoloka ngati kuwala, kotero ground ya kompyuta ndi ya synthesizer sizikumana pa chingwe cha MIDI. Zikakumana panjira ziwiri, ina ya mawu ina ya uthenga, m'masipika mumamveka kung'ung'uza kwa 50 Hz ndi kuswiswiza kosintha mukagwedeza mausi. N'chifukwa chake Arduino idye magetsi a synthesizer, monga 12 V yotsitsidwa kufika pa 5 V ndi kachipangizo ka 7805, osati a USB ya kompyuta. Mukasiya USB ili yobaya poimba, ntchito ya optocoupler yonse yapita pachabe.

Pakakhala zii, yambani ndi soketi. Miyendo ya DIN imatsatana 1, 4, 2, 5, 3, ndipo mukaiyang'ana kumbuyo kowotchererako imaoneka motembenuka, moti kusinthanitsa 4 ndi 5 n'kosavuta. Diode ija imateteza, palibe chopsa, ingosinthani mawayawo. Onaninso chingwe cha USB kupita ku MIDI: mutu umene ukutulutsa uthenga kuchokera ku kompyuta ndiwo ulowe pa soketi yanu, ndipo malembo a IN ndi OUT pa zingwezi amasokoneza. Zingwe zina zotchipa zimatayanso mauthenga, noti n'kumangolira osaleka. Pulogalamu ikakana kulowa mu Arduino, zulani waya wa RX kaye, chifukwa USB imagwiritsa ntchito mwendo womwewo.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa CV. Ma oscillator, zigawo za synthesizer zopanga liwu, ambiri amatsata muyezo wa 1 V pa okitevu iliyonse, choncho noti iliyonse mwa 12 imatenga 83.33 mV. Khutu limagwira msanga kuphonya kwa ma millivolt ochepa chabe, makamaka synthesizer ikamaimba limodzi ndi zida za m'kompyuta. Pa kachipangizo kosandutsa nambala kukhala magetsi a CV, ambiri amathamangira MCP4725 poti imapezeka, koma iyo imayezera pa magetsi omwe ikudyawo. Akatsika kuchoka pa 5.0 V kufika pa 4.8 V, manoti onse amatsika nawo. Ine ndimalangiza MCP4822, imene ili ndi muyezo wakewake wa 2.048 V m'kati. Mukaiika pa gain ya 2 imafika 4.095 V, sitepe iliyonse 1 mV ndendende, maokitevu anayi athunthu. Mwendo 1 ku 5 V, 7 ndi 5 ku ground, 2 ku D10, 3 ku D13, 4 ku D11 za Arduino, ndipo CV itulukire pa 8. Capacitor ya 0.1 µF ikhale pafupi penipeni ndi mwendo 1.

Masamu opezera nambala yotumiza ku MCP4822 ndi awa: chotsani 36 pa nambala ya noti, chulukitsani ndi 1000, gawani ndi 12. Apa pali misampha iwiri. Mukangochulukitsa ndi 83, pofika okitevu yachinayi mwatsalira ndi 16 mV, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a noti. Ndipo int, mtundu wa nambala mu pulogalamu ya Uno ndi Nano, imathera pa 32,767, kotero kuyambira noti 69 chiwerengero chimasefukira, liwu n'kudumphira kosayenera. Lembani 1000L kuti iwerengere mu long, mtundu wosunga manambala aakulu.

Gate ndi yosavuta: mwendo uliwonse wa digito wa Arduino kudzera pa 1 kilo-ohm. Chovuta ndi nthawi yoitseka. Zida zambiri zimatumiza Note On ya mphamvu 0 m'malo mwa Note Off. Arduino MIDI Library imazindikira zimenezi yokha, koma ngati mukuwerenga ma byte nokha muziikemo. Sunganinso mndandanda wa makiyi amene adakali odinidwa. Popanda umenewu, woimba akadina kiyi yachiwiri asanasiye yoyamba, kusiya yoyambayo kumatseka gate, liwu n'kuduka pakati.

Potchuna, yatsani synthesizer itenthe kwa mphindi 15, chifukwa ma transistor a oscillator amasintha ndi kutentha. Tumizani noti 36, 48, 60, 72 ndi 84, mita iwerenge 0, 1, 2, 3 ndi 4 V. Zikatero bolodi lanu lili bwino, ndipo chotsala ndi trimmer, ka resistor kopotoza ka pa oscillator. Imbani 36 ndi 72 mosinthana mukuyang'ana tuner, n'kumapotoza pang'onopang'ono mpaka onse akhale C. Kupotoza kulikonse kumasuntha ndi noti yapansi yomwe, ndiye muziibwezera kaye ndi batani la tune musanayesenso yapamwamba.