Chinkhwe Chikayamba Kudzithothola Nthenga

Pakati pa mavuto amene oweta zinkhwe amakumana nawo, limene limandimvetsa chisoni kwambiri ndi la mbalame imene yayamba kudzithothola nthenga mpaka chifuwa chake kukhala pamtunda ngati nkhuku yososola. Vutoli limaoneka kawirikawiri pa chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chija amati African grey, chimene kwawo ndi kunkhalango za ku Congo, Cameroon, Ghana ndi maiko oyandikana nawo. Limavutitsanso mbalame za mtundu wa cockatoo zochokera ku Australia ndi Indonesia.

Choyamba kuchiyang'ana ndi mutu wa mbalameyo. Ngati nthenga za kumutu zili bwinobwino pamene pachifuwa, m'ntchafu ndi kunsi kwa mapiko kuli mbee, ndiye kuti ikudzithothola yokha, pakuti mlomo wake sungafike pamutu. Koma ngati mutu nawo wayamba dazi, mwina ikuthotholedwa ndi inzake ya m'khola limodzi, kapena yagwidwa ndi matenda opatsirana otchedwa PBFD, amene amawononga nthenga ndi mlomo. N'chifukwa chake ndimalimbikira kunena kuti mbalameyo iyambe yaonedwa ndi dokotala wa ziweto tisanaiweruze kuti yangoyamba khalidwe loipa. Matenda a chiwindi, kuyabwa kwa khungu, utsi wa fodya kapena wa mbaula, ngakhalenso poizoni wa zinki wochokera ku waya wa khola umene imatafuna, zonsezi zikhoza kuyambitsa vutoli.

Chakudya nacho chili ndi mbali yake. Ambiri amapatsa chinkhwe njere za mpendadzuwa ndi mtedza basi chifukwa ndi zimene chimakonda, koma chakudya chotere chili ndi mafuta ochuluka pamene vitamini A ndi wochepa, ndipo khungu limauma. Maungu, karoti, papaya, mango ndi masamba obiriwira zimathandiza kwambiri. Mtedza wachuku ndi woopsa, ndipo mapeyala asaperekedwe ngakhale pang'ono chifukwa amapha zinkhwe.

Komabe mbalame zambiri zimapezeka kuti m'thupi mulibe vuto, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tiganizire mofatsa. Kutchire chinkhwe chotuwa chimakhala m'gulu, chimauluka mitunda italiitali, ndipo chimatha maola ambiri tsiku lililonse chikufunafuna zipatso, kusenda makoko ndi kuswa njere zolimba. M'nyumba chimapeza chakudya chili kale m'mbale, chimadya mphindi zochepa n'kukhuta, kenako mwini wake amatseka chitseko kupita kuntchito. Iyi ndi mbalame yanzeru zodabwitsa: Alex, chinkhwe chimene Irene Pepperberg anachita nacho kafukufuku ku America mpaka chinafa mu 2007, chinkadziwa mawu oposa 100 ndipo chinkasiyanitsa mitundu ndi kaumbidwe ka zinthu. Cholengedwa chotere chikasowa chochita, mlomo umene unayenera kugwira ntchito tsiku lonse umatembenukira ku nthenga zake zomwe.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2003 kuchokera ku University of California, Davis, wokhudza zinkhwe za ku South America, anaonetsa kuti mbalame zikapatsidwa mpata wovutikira chakudya ndi zinthu zokwerapo, vuto lowononga nthenga limachepa. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Kulungani njere m'pepala loyera kuti chizing'ambe chokha, bisani chidutswa cha chipatso m'kabokosi ka katoni, mangirirani chimanga chachiwisi ndi makoko ake omwe pamwamba pa khola, ndipo muzisintha zinthuzi kuti chisazizolowere. Muzichiwaza madzi ofunda pang'ono kuti chisambe, ndipo usiku chizigona pamdima ndi pabata kwa maola 10 mpaka 12.

Chimene sindigwirizana nacho n'komwe ndi kukalipira mbalame kapena kumenya khola pamene yayamba kuthothola. Kwa chinkhwe chosungulumwa, ngakhale kukalipiridwa ndi njira yopezera chidwi cha munthu, motero chimaphunzira kuti chikazula nthenga mwini wake abwera mothamanga. Ndi bwino kuchiyandikira ndi kuchilankhula pamene chikusewera kapena kudya. Kuvalitsa kolala m'khosi kumateteza chilonda kuti chipole, koma sikuchotsa chimene chinayambitsa vutolo.

Kuchira kumatenga miyezi, ndipo pamalo pamene nthenga zazulidwa mobwerezabwereza kwa nthawi yaitali mwina sizimeranso, chifukwa mizu yake imakhala itawonongeka. Choncho mukaona nthenga zotafunidwa kapena zoduka pansi pa khola, zosiyana ndi zathunthu zimene zimayoyoka zokha panyengo yake, pitani nacho kwa dokotala sabata yomweyo.