Matalala a Lachinayi ndi funso limene linandikanika

Mlungu watha, pa gulu lathu lowerengera limodzi jogalafe kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, mnzanga wina anandifunsa kuti: "Ngati matalala ndi madzi oundana, bwanji amagwa mu Novembala kukutentha, osati mu Juni tikunjenjemera?" Ndinangoti kukamwa yasa. Chithunzi cha mtambo wa cumulonimbus, mtambo wautali uja wobweretsa mvula ya mabingu, ndinachiloweza kalekale, mivi yake yonse ndimaijambula osasuzumira m'buku. Koma yankho panalibe.

Lachinayi ndinatuluka cha m'ma 3 koloko, dzuwa likuswa mtengo, malaya atamata kumsana. Chakumadzulo mtambo unali utatukuka ngati chulu, kunsi kwake kuli bii. Kenako kunadutsa kamphepo kozizira, ndipo china chake chinandimenya pakhutu, thwa! Ndinacheuka kufunafuna mwana wa legeni. Panalibe munthu. Posakhalitsa zinayamba kuwirima ponseponse, ine mabuku m'malaya, liwiro la mtondo wadooka kukabisala pakhonde la kagolosale. Malata ankalira moti mayi wogulitsa tomato amene ndinam'peza pamenepo ankandiyankhula, ine n'kumangoona milomo ikugwedera. Sizinathe ndi mphindi 10 zomwe. Msewu unali mbee, masamba a mango ali mbwee pansi, tomato wa mayi uja wina ataphulika pathebulo.

Ndinatola limodzi mwa matalalawo, lalikulu ngati dzira la njiwa, n'kuliswa ndi mwala. Mkati munali mizere yozungulira ngati anyezi: wina woyera ngati mkaka, wina woonekera ngati galasi. Apa m'pamene mivi ya m'buku ija inayamba kuyenda m'mutu mwanga.

Nthaka ikapsa ndi dzuwa, mpweya wa pamwamba pake umakwera mwamphamvu utanyamula chinyezi. Kumwamba kumazizira pafupifupi madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse, ndipo mitambo yamtunduwu imatha kupitirira makilomita 12. Kumeneko dontho limaundana, koma mphepo yokwera ija imalikaniza kugwa, madontho ena ozizira n'kumalimatirira. Pamene madzi aundana mofulumira amatsekera timpweya mkati, ndiwo mzere woyerawo. Pamene aundana pang'onopang'ono timpweyato timathawa, mzere n'kukhala woonekera. Likalemera kuposa mphamvu ya mphepo, basi, limabwera kudzafuna khutu langa. Ndiye kutentha kumene ndinkaona ngati kukutsutsana ndi matalala ndi kumene kumawapanga. Mu Juni dzuwa ndi lofooka, mpweya ndi wouma, palibe chokankhira madzi kumwamba. Komanso Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, choncho ulendo wotsika ndi waufupi, ambiri amafika pansi asanasungunuke.

Madzulo ndinawafotokozera agogo aamuna zonsezi monyadira, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Iwo anachokera ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Mdzukulu, zimenezi mpaka buku? Kukatentha kuyambira m'mawa, mphepo itaima, mtambo n'kuda kunsi, ife tinkadziwa kuti fodya ali pa ngozi. Tsamba likabooka, mtengo wake watha." Ndinawafunsa ngati ankadziwa za mizere ya mkati ija. Anaseka. "Ife tili ana tinkangotola n'kumatafuna. Ndani anali ndi nthawi yoswa?"

Kope langa la jogalafe linanyowa ndithu, inki yayenderera pa tsamba lomwelo la mitambo, ndipo sindikudandaula kwenikweni. Ndalijambulanso, koma ulendo uno ndayambira pansi, pa nthaka yotentha, osati pamwamba pa mtambo monga ndinkachitira. Lolemba gulu likumananso. Ndapempha kale anyezi mmodzi ndi mpeni kwa amayi.