Ndi mawaya awiri okha, alamu

Kuno ku Dundee khomo lathu layang'anizana ndi la agogo ena achizungu amene amakhala okha. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwatsitsire makatoni pamwamba pa wodilopu, ndipo m'katoni imodzi munatuluka kachinthu kakuda kophwatalala, ka mabatani a labala, pakona pake pali timizere tofiira, tachikasu, tobiriwira ndi tabuluu. Ine ndinayesa kakyuleta. Agogowo anati ayi, imeneyo ndi kompyuta, ZX Spectrum ya 48K, ya mwana wawo amene pano ali ndi imvi ndipo amakhala ku Canada. Pa Khirisimasi akubwera ndi adzukulu, ndiye iwo ankafuna adzaipeze ikugwira ntchito. Anali atayesa kuilumikiza ku TV yawo yatsopano koma inkangoonetsa mashawa okhaokha.

Sindikudziwa chimene chinandituma. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti asadandaule, kwathu ku Zomba anthu ankachita kundibweretsera mawailesi kunyumba. Bodza lenileni silinali. Ankabweretsadi, ine n'kumayanika mabatire padzuwa ndi kupotokola waya wa eliyo mpaka MBC imveke. Agogowo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundipatsa katoni yonse.

Ndinayamba ndi kuwerenga, ndipo apa palibe angandinene. Makinawa anatulutsa ndi kampani ya Clive Sinclair mu April 1982, ya memori ya 16K pa £125, ya memori ya 48K pa £175. Inalibe sikirini yakeyake, munthu ankalumikiza ku TV ya pabalaza, ndipo ma TV ambiri a nthawi imeneyo anali ndi bowo limodzi lokha, la eliyo. Tsono mkati mwa kompyutayi anaikamo kabokosi kachitsulo kotchedwa modulator, kamene kamatenga chithunzi n'kuchisandutsa ngati chikuchokera ku siteshoni ya kanema, pa tchanelo 36 ya UHF. TV imachilandira n'kuchibwezeranso mmene chinalili. Pa ulendo wopita ndi kubwerawu chithunzi chimafika chitatopa, zilembo zikunjenjemera, mitundu ikutayikira pambali. Kuno ku Britain kanema wakale wa analogi anamaliza kumuzimitsa mu 2012, ndipo ma TV a masiku ano ena tchanelo 36 saipeza n'komwe, ena akaipeza amaigwira monyinyirika. Ife a ku Malawi zonsezi zinatidutsa, pajatu kanema wathu anayamba mu 1999 makinawa atakalamba kale.

Mankhwala ake ndi osavuta. Chithunzi chabwinobwino, chimene amati composite, chimakhala chilipo kale pa bolodi chisanalowe m'kabokosi kaja. M'mbali mwa kabokosiko mumalowa mawaya awiri, wina wa chithunzi, wina wa magetsi a 5 volts. Onse umawachotsa. Ukatsegula chivundikiro cha kabokosiko, umadula mwendo wa kachipangizo kotchedwa resistor umene wagwira pakati pa soketi, kenako waya wa chithunzi umaupititsa pa soketipo mwachindunji, kudzera pa kapasita ya 100 µF. Basi. Soketi yomwe ija imene kale inkapita ku eliyo tsopano ipita ku bowo lachikasu la TV. Ndinagula soldering iron, chitsulo chowotcherera mawaya, mtovu wake ndi kapasita imodzi, ndipo ndinayamba kuyenda m'nyumba ngati injiniya.

Loweruka madzulo kunabwera alamu anga, achimwene awo a mayi a Tadala, amene amayendetsa basi ndipo palibe nkhani padziko pano imene alibepo maganizo.

"Alamu, zimenezi mukuzidziwa koma?"

"Ndi mawaya awiri okha, alamu."

Mayi a Tadala anali atangoweruka kuntchito, maso ali psuu ndi tulo. Anayang'ana katoni, anayang'ana ine, anayang'ana TV imene tikulipirabe mwezi ndi mwezi.

"Bambo a Tadala, chitani zanuzo, koma TV yangayo isakhudzidwe."

Tinavomera tonse awiri mwaulemu, n'kudikira kuti agone.

Pansi pa Spectrum pali masikulu asanu. Nditawamasula, alamu anati andithandize, n'kugwira chivundikiro ndi manja onse awiri ngati akutsegula poto wa nsima. Chimene sankadziwa, ndipo ine ndinali ndisanafike pochinena, n'chakuti mabatani amalumikizidwa ku bolodi ndi timalamba tiwiri ta pulasitiki topyapyala, tokhala ndi timizere tasiliva, ndipo pulasitiki ya 1982 siipindika mwaulemu. Tinamva kuti tswa. Alamu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana alamu.

"Mwamva chiyani?"

"Ine sindinamve kanthu, alamu."

Tinasolola timalambato m'malo mwake, chivundikiro n'kuchiika patali, pa mpando, chozondotsa.

Mkati munali mokongola, ndisaname. Bolodi yobiriwira, tchipi chachikulu cha Z80, china cha Ferranti chimene chimapanga chithunzi, timatchipi ta memori titandandalika mumzere, ndipo pakona kabokosi kathu kaja kali phee. Mawaya awiri aja ndinawaona, koma palibe anali ndi chikwangwani chonena kuti ine ndine wa chithunzi. Onse opanda chovala, onse ofanana. Alamu anandigwirira foni kuti ndizionera pa chithunzi cha munthu wina amene anachitapo kale. Pa chithunzipo waya wofunika unali mbali iyi, ndiye ine ndinatenga wa mbali iyi. Zoti bolodi yathu inali itagona chotembenuka, kumutu kuli kumiyendo, ndi nkhani imene wogwira foni anayenera kuiona.

Pa kapasita tinakangana. Alamu anati ndi zokongoletsa chabe, azungu amangofuna tigule zinthu, ndilumikize waya basi tione mpira usanathe. Ine ndinakana, osati chifukwa cha nzeru zambiri, koma ndinali nditailipira ndipo sitolo inali itatseka. Ndinaiwotcherera pomwepo. Mtovu unakana kugwira, kenako unagwira wambiri nthawi imodzi n'kupanga chibulunga, kenako ndinagwira soldering iron kumene sagwira. Kukuwa sindikanatha poti mayi a Tadala anali m'tulo, ndiye ndinavina mwakachetechete kuzungulira tebulo, chala chili m'kamwa, alamu akuseka mopanda mawu mpaka misozi.

Spectrum ilibe batani loyatsira, ukangolowetsa waya wa magetsi yayaka. Tinanyamula bolodi monyang'ama kupita pabalaza, waya ku bowo lachikasu, limoti pa AV, magetsi lowetsu. TV inaganiza pang'ono n'kulemba kuti No signal. Tinazimitsa, tinayatsa, tinagwedeza waya. Alamu anapemerera mpweya pa bolodi. Anati mwina TV ndi yanzeru kwambiri, ikunyansidwa. Kenako anati mwina mwana wa agogo uja anaitsirika asanapite ku Canada.

Tinabwerera kukhitchini kuti nditenthetsenso chibulunga chija. Apa m'pamene tinazindikira kuti nthawi yonse imene tinali pabalaza, soldering iron inali itagona pa thabwa lodulirapo anyezi, lapulasitiki, ndipo inali italowa kale theka. Utsi unali utafika kudenga.

Kuno ku Scotland, kuyambira February 2022, lamulo limati ma alamu a utsi m'nyumba azikhala olumikizana, imodzi ikalira zonse zilire. Lamulo labwino kwambiri, ndipo ndikutsimikiza kuti limagwira ntchito. Inayamba ya m'kolido, ya pabalaza n'kuyankha, ya kukhitchini n'kulowerera. Tadala anadzuka ndi kulira. Mayi ake anatulukira atamanga chitenje m'chifuwa, pasipoti ya banja lonse ili m'manja, n'kupeza achimwene awo ali pamwamba pa mpando akukupiza alamu ndi thaulo. Mpando wake unali womwe uja. Chivundikiro anali atachikankhira pansi ndi phazi.

"Mvula ikakuona litsiro siikata," anatero alamu ali pamwamba pomwepo, ngati nkhaniyi iwo sikuwakhudza.

Kenako kunamveka kugogoda. Agogo, atavala gauni yogonera ndi masilipasi, akufunsa ngati aitane ozimitsa moto. Maso awo anadutsa ine, anadutsa utsi, n'kukatera pa tebulo pamene kompyuta ya mwana wawo inali gada, matumbo pamtunda. Ndinayamba kufotokoza za composite ndi tchanelo 36. Sanandimvere. Anakoka mpando, anavala magalasi, anatembenuza bolodi kuti iyang'ane kumene imayenera kuyang'ana, n'kutsatira kamzere kamodzi ndi chikhadabo.

"Mwana wanga, waya uwu waulumikiza ndani apa?"

Ndinaloza alamu ndi chibwano. Alamu analoza foni.

"Uwu ndi wa 5 volts. Wa chithunzi ndi uwu waulekerera m'malerewu. Iwe umaipatsa TV magetsi, osati chithunzi. Mwayi wako ndi kapasita iyi, imalola chithunzi kudutsa koma magetsi oima chilili imawatsekera. Pakanapanda iyoyi sindikudziwa TV yanu ikanati chiyani."

Mayi a Tadala anaika mapasipoti pa tebulo pang'onopang'ono.

"Agogo, tabwerezani pamene mwati TV paja. Ndikufuna achimwene amve bwino, ndi bambo a Tadala amve bwino."

Anabwereza ndithu, mawu onse.

Ndinafunsa kuti zonsezi akuzidziwa bwanji. Anati anagwira ntchito zaka zambiri ku fakitale ya Timex konkuno ku Dundee, kumene ma Spectrum ankapangidwira, mpaka pamene inatsekedwa mu 1993 pambuyo pa sitiraka yaikulu. Mabolodi ngati awa anadutsa m'manja mwawo osawerengeka. Ndinati nanga bwanji sanandiuze tsiku lija. Anati sindinafunse, komanso ndinkaoneka wosangalala kwambiri ndi nkhani ya mawailesi a ku Zomba. Ndinafunsanso kuti iyiyi anaigula ndalama zingati. Anandiuza kuti ndiwagwirire tochi.

Manja awo amanjenjemera akamanyamula kapu ya tiyi, koma atagwira soldering iron anangoti nji. Anapukuta nsonga yake pa kansalu konyowa, anakhudza chibulunga changa chija n'kuchichotsa chonse kamodzi, waya wa magetsi anaupinda n'kuukulunga tepi, wa chithunzi n'kuuika pa kapasita ndi kadontho ka mtovu kochepetsetsa, kowala. Ntchito imene ine ndinapserapo chala iwo anaimaliza ketulo isanawire. Anabwezeretsa timalamba tija, ndipo mayi a Tadala okha ndi amene analoledwa kugwira limoti.

Sikirini inachita mdima pang'ono, kenako inayera, ndipo m'munsi munatuluka zilembo zakuda, zoima njo, zosanjenjemera: © 1982 Sinclair Research Ltd. Agogo anati chiyambire sanazionepo zikuoneka bwino chonchi. Ine ndinakumbutsa anthu onse kuti nzeru ya kapasita inali yanga.

M'katoni muja munalinso kawailesi ka kaseti ndi matepi ake, pakuti masewera a makinawa amakhala pa kaseti wamba. Kuti tepi ilowe umadina J, kompyuta n'kulemba yokha mawu akuti LOAD, kenako timakoma ta m'mwamba (""), kenako ENTER. Ndinadina J. Zii. Ndinadina mwamphamvu. Zii. Manambala ankagwira, Q ankagwira, koma H, J, K, L ndi ENTER zinali zitafa zonse pamodzi. Mabatani 40 aja anawagawa m'magulu a asanuasanu, gulu lililonse ndi kamzere kake pa lamba wamkulu, ndipo tswa uja anasankha kudula kamzere ka gulu lokhalo limene munthu sangachite kanthu popanda ilo. Alamu anayamba kufunafuna jekete lawo.

Agogo anasolola lambayo, anaiunika pa getsi, anapeza mng'alu pafupi ndi kumapeto. Anapempha sizasi. Anadula kachidutswa kosakwana sentimita, molunjika, n'kuibwezeretsa. Anati ikadzathyokanso ndidzagule pepala lonse la mabatani latsopano, amagulitsabe, koma wotsegula asadzakhale woyendetsa basi.

Tepi inayamba kulira kulira kwake kuja, m'mphepete mwa sikirini mukuthamanga mizere yofiira ndi yabuluu wowala, kenako yachikasu ndi yabuluu. Tinadikira mphindi zingapo tonse tili chilili, ndipo panatuluka Manic Miner, masewera a 1983, kamunthu kakudumphadumpha m'migodi. Kanyimbo kake kankamveka chapansipansi. Alamu analanda limoti n'kuyamba kukweza voliyumu. Kanyimbo sikanasinthe. Anakwezabe mpaka nambala inafika pa 100, akudandaula kuti ine ndaononga mawu. Agogo anali otanganidwa ndi kudumpha, ndiye panalibe wowauza kuti pa Spectrum ya 48K mawu sapita ku TV, amatuluka pa kasipika kakang'ono m'kati mwa kompyuta momwemo.

Itakwana cha m'ma 1 koloko, mayi a Tadala anati zakwana, aliyense kwawo. Anatenga limoti n'kubwezera TV pa tchanelo cha masiku onse.

Mawindo ananjenjemera. Tadala, amene anali atangogonanso, anayambira pamene anasiyira. Galu wa m'nyumba ya pansi analowerera. Pasanathe mphindi, bambo wa m'nyumba ya pamwamba, chimunthu chadazi chimene sichinatipatsepo moni chisamukire ife muno, anali pakhomo ndi kabudula yekha, nkhope ili gwaa. Anatsegula pakamwa kuti ayambe, maso ake n'kugwera pa timabatani ta labala tija.

"Imeneyo ndi ya 48K?"

Anakhala pa mpando wanga, anapempha kuti tibwezere pa AV, ndipo anadutsa migodi inayi osafa ngakhale kamodzi, agogo akumukalipira kuti akudumpha mochedwa. Alamu anavulanso jekete. Ine ananditumiza kukhitchini kukaphikira anthu onsewa tiyi ndi dzanja limodzi, ndipo mayi a Tadala ananditsatira kudzandiuza mtengo wa thabwa la anyezi latsopano, ndi thumba limene ndalama yake ichokere.