Pepala la kafukufuku likalakwika, magazini amatani nalo?

Wophunzira wa ku Bunda, kapena namwino amene akuchita digiri yachiwiri ku KUHeS kuno ku Lilongwe, kawirikawiri amasunga mapepala a kafukufuku mu fulashi kapena mu foni. Ena mwa mapepalawo ndi ochita kupatsirana pa WhatsApp, poti bandulo ndi yodula. Koma PDF imene munatsitsa chaka chatha siisintha. Pa tsamba la magazini amene analisindikiza, pepala lomwelo likhoza kukhala litakonzedwa, mwinanso litadindidwa kale kuti lisamadaliridwe, inu muli kuno mukulitchulabe m'mutu wachiwiri wa kafukufuku wanu.

Si cholakwa chilichonse chimene chimagwetsa pepala. Dzina la mankhwala likalembedwa molakwika, kapena manambala a mu tebulo akasinthana mizere koma mfundo yaikulu n'kukhalabe yomweyo, mkonzi amangotulutsa kachidziwitso kokonza. Akalakwitsa ndi osindikiza, ambiri amakatcha erratum. Akalakwitsa ndi olemba amati corrigendum, ngakhale magazini ena amangosakaniza mayinawa. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Wolemba amene wadziulula yekha kuti anasokoneza mamiligalamu ndi mamaikulogalamu ndi woyenera kumuyamika.

Nkhani imakula zotsatira zenizenizo zikayamba kukayikitsa. Nthawi zambiri amene amayamba kuona vuto si mkonzi ayi, koma wowerenga wamba. Wina amaona kuti chithunzi cha maselo cha pa tsamba 4 ndi chomwecho cha pa tsamba 7, angochitembenuza n'kuchipatsa dzina lina. Mu 2016 Elisabeth Bik ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayang'ana mapepala oposa 20,000 ndi maso, ndipo pafupifupi 4 pa 100 alionse anali ndi zithunzi zobwerezedwa mosayenera. Wina amawonkhetsa maperesenti n'kupeza kuti sakufika 100, kapena odwala anali 240 poyambira koma m'matebulo asanduka 268. Madandaulo otere amapita kwa mkonzi pa imelo, kapena amaikidwa poyera pa PubPeer, tsamba la pa intaneti limene anthu amaperekapo ndemanga pa mapepala a kafukufuku. Zokopera mawu a eni ake ndiye zimagwidwa msanga, chifukwa magazini ambiri amadutsitsa pepala lililonse pa pulogalamu yofufuza mawu okopera ngati iThenticate lisanapite n'komwe kwa owunika.

Akonzi ambiri amatsata ndondomeko za COPE, bungwe lolangiza za khalidwe loyenera posindikiza kafukufuku limene linayamba ku Britain mu 1997. Choyamba mkonzi amalembera wolemba wamkulu, mosaloza chala, kumupempha kuti afotokoze ndi kutumiza deta yoyambirira: mafomu amene anadzazidwa m'midzi, mabuku a mu labu, zithunzi zosadulidwa, kalata yovomereza kafukufukuyo. Kwa ofufuza zaumoyo kuno kwathu, kalatayo ndi ya komiti yopereka chilolezo cha kafukufuku ngati NHSRC kapena COMREC, ndipo pepala likhoza kugwa chifukwa chosowa chilolezo chimenechi ngakhale manambala ake atakhala olondola. Yankho likapanda kugwira mtima, mkonzi amatula nkhaniyo ku yunivesite kapena bungwe limene wolembayo amagwirako ntchito.

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Magazini si khoti. Mkonzi wokhala ku London alibe mphamvu zolanda laputopu ya munthu, zofunsa mafunso amene anatolera deta, kapena zochotsa wina ntchito. Zimenezo ndi za olemba ntchito. Tsono bungwe likazengereza, mwina poopa kudzichotsa ulemu, mwina poti woganiziridwayo ndi bwana amene amabweretsa ndalama za mapulojekiti, nkhani imagona miyezi ngakhale zaka. Podikirapo mkonzi akhoza kuika chenjezo lotchedwa expression of concern, kutanthauza kuti pepalali lili ndi mafunso amene sanayankhidwe. Machenjezo ena amangokhala choncho osatsatiridwa ndi kanthu, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko n'kuthawa udindo.

Chomaliza ndi retraction, kubweza pepala. Kawirikawiri silifufutidwa ayi. Limakhalabe pa intaneti, koma mutu wake umalembedwa kuti labwezedwa ndipo masamba a PDF amadindidwa. Chidziwitso chake chimayenera kuwerengedwa mwaulere, kunena amene wabweza pepalalo, ndi kutchula chifukwa: kupeka deta, kusintha zotsatira, kuba ntchito ya wina, kusindikiza zomwezo kawiri, kapena kulakwitsa kwakukulu kosachita dala. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa wosokoneza kodi ya kompyuta ndi wopeka odwala sali m'gulu limodzi. Kukanganirana kuti dzina la ndani likhale poyamba, pakokha, sikubwezetsa pepala ngati zotsatira zake zili bwino.

Liwiro lake limasiyana kwambiri. Pepala la Andrew Wakefield, lokhudza ana 12 okha, limene linachititsa anthu kuganiza kuti katemera wa MMR (woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri) amayambitsa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo), linatuluka mu magazini a zaumoyo a The Lancet mu 1998 ndipo linabwezedwa mu 2010. Zaka 12 zimenezo makolo ambiri anali ataleka kale kubayitsa ana awo. Magazini omwewo mu 2020 anabweza pasanathe milungu iwiri pepala lokhudza mankhwala a hydroxychloroquine limene linati linagwiritsa ntchito deta ya odwala COVID-19 pafupifupi 96,000 m'zipatala 671. Ofufuza ambiri anafunsa kuti deta yambiri chonchi, kuphatikizapo ya zipatala za mu Africa, yapezeka bwanji mofulumira chotero. Kampani ya Surgisphere, imene inapereka detayo, itakana kuionetsa kwa owunika apadera, atatu mwa olemba anayi anapempha okha kuti pepalalo libwezedwe.

Masiku ano kwabweranso malonda a mapepala opeka, ogulitsa malo a dzina kwa aliyense wofuna kukwezedwa pantchito. Mu 2023 mokha mapepala oposa 10,000 anabwezedwa padziko lonse, ochuluka mwa iwo a kampani yosindikiza ya Hindawi.

Ndiye musanatumize ntchito yanu kwa supavaiza, tengani DOI (nambala yozindikiritsa pepala pa intaneti) ya pepala lililonse limene mfundo zanu zatsamirapo, muitsegule pa tsamba la magazini eni ake, osadalira kope la mu fulashi. Pakakhala batani la Crossmark, dinani. Limaonetsa ngati pepalalo lakonzedwa kapena labwezedwa. PubMed, nkhokwe ya mapepala a zaumoyo, imaikanso chizindikiro pa mapepala obwezedwa. Nkhokwe ya mapepala obwezedwa ya Retraction Watch, imene bungwe lolembetsa ma DOI la Crossref linaitenga mu 2023, ndi yaulere ndipo mukhoza kufufuzamo dzina la wolemba. Ogwiritsa ntchito Zotero, pulogalamu yosungira mapepala a kafukufuku, amachenjezedwa ndi mzere wofiira, bola pepalalo analisunga ndi DOI kapena nambala yake ya PubMed. Limene munangoliponyamo ngati PDF yopanda zimenezi, Zotero siingalizindikire, ndiye limenelo mulifufuze pamanja.