Nambala ya pulogalamu ya achimwene

Zimene ndinakambirana ndi achimwene a ku Mufakose, mu Harare, masana ano zikundisowetsabe mtendere, ngakhale kuti tinasiyana bwinobwino pamene ankakakwera kombi ku Copacabana. Iwo alemba pulogalamu yolumikiza makompyuta a maofesi awiri kudzera pa intaneti, ndipo andipempha kuti ndiikonze ikhale phukusi la Debian, mtundu wina wa Linux woyendetsa makompyuta, anthu aziilowetsa ndi apt, chida cholowetsera mapulogalamu ndi kulandirira atsopano. Tasemphana pa nambala yokha. Akufuna kuti yoyambayi itchedwe ndi deti, 20250901, ndipo ikadzakhwima idzatchedwe 1.0.

"Mng'ono wanga," anatero, "munthu aliyense akudziwa kuti 1.0 ndiyo yeniyeni."

Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Achimwene, anthu akudziwadi, koma dpkg, chida chimene apt imadalira, imangoyerekeza manambala, ndipo kwa iyo 20250901 ndi yaikulu kuposa 1." Ndinawafotokozera kuti aliyense amene adzalowetse yoyambayi sadzalandiranso yatsopano, chifukwa apt idzaona 1.0 ngati yakale. Pothawira podziwika kwambiri ndi kuika epoch, nambala yapadera imene imayerekezedwa poyamba, kutsogolo kuti ikhale 1:1.0, ndipo epoch ikalowa siichotsedwa, phukusilo limayenda nayo moyo wake wonse. Ku RPM, njira ya maphukusi imene Linux ina yotchedwa Fedora imagwiritsa ntchito, vuto lake ndi lomweli. Ndinawakumbutsa za WireGuard, pulogalamu inanso yolumikiza makompyuta kudzera pa intaneti, kuti isanalowe mu Linux 5.6 mu Malichi 2020, nambala zake zinkayamba ndi 0.0 kenako deti, kotero 1.0 itafika inakhala pamwamba popanda kuvutitsa aliyense. Ndinatchulanso chizindikiro cha ~, chimene chimachititsa kuti 1.0~rc1, yoyeserera 1.0 isanatuluke, ikhale pansi pa 1.0.

Anamvetsera zonse, kenako anandiuza modekha kuti pulogalamuyo ndi yawo, ndipo gawo langa ndi kanambala ka pambuyo pa mzere, -1 kapena -2. Mawu amenewa ndi amene andikhala pamtima, chifukwa ndi oona. Nambala ya pakati pa epoch ndi mzerewo ndi ya mwini pulogalamu, ndipo ineyo ndine wamng'ono kwa iwo pa msinkhu ndi pa ntchito yomwe.

Koma iyi si pulogalamu yojambulira zithunzi. Imakhala pakhomo pa netiweki, imalandira uthenga kuchokera kunja usana ndi usiku, ndipo ikadzapezeka ndi mpata wolowera akuba, chigamba chake chiyenera kufika msanga pa makina onse. Ndikuganiza za kompyuta ya mu ofesi ina ku Mutare kapena ku Bulawayo, imene mwini wake adzayendetsa apt upgrade mokhulupirika, makinawo n'kumuuza kuti zonse zili bwino pamene chigambacho sichinalowe. Makina otere amakhala nthawi yaitali osakhudzidwa. Debian 12 inatuluka mu Juni 2023, Debian 13 mu Ogasiti 2025, ndipo anthu ambiri pakati pa zaka zimenezi amangodalira apt. Zimandipweteka kuti munthu ameneyo sadzadziwa n'komwe kuti nkhani yake inagamulidwa pa zokambirana za masana ano.

Njira ilipo yoti ndichite ndekha. Mu debian/changelog, fayilo imene nambala ya phukusi imalembedwamo, ndikhoza kulemba 0~20250901-1, monga okonza maphukusi ambiri amachitira, ndipo 1.0 idzapeza malo ake. Komabe achimwene adzaona nambala imene sanavomereze, ndipo ndikuwadziwa, sadzandikalipira koma adzangoleka kundiitana pa ntchito zawo. Sindinasankhebe ngati ndilembe zimenezi usiku uno kapena ndidikire mpaka tidzaonane Loweruka.