Kamera yaima kumbuyo kwa ndani? Zimene mapanga a ku Iwo Jima andiphunzitsa

Mtima wakhala pansi tsopano. Funso la asayimenti yathu, loti filimu ya nkhondo imapanga bwanji ngwazi, landizunguza mutu chiyambireni semesita, ndipo chilichonse chimene ndimalemba chimangomveka ngati manotsi a munthu wina. Anzanga a kosi ino, za mitundu ya mashoti ndi kadulidwe ka zithunzi sindibwerezanso, mukuzidziwa kale. Ndikufuna ndinene chinthu chimodzi chokha chimene chanditsegula m'maso.

Ndinaonera motsatizana mafilimu awiri a Clint Eastwood amene anatuluka chaka chimodzi, 2006: Flags of Our Fathers, yofotokoza nkhondo ya pa chilumba cha Iwo Jima kuchokera kwa asilikali a America, ndi Letters from Iwo Jima, nkhondo yomweyo koma kuchokera kwa a Japan, m'chilankhulo chawo. Nkhondoyo inayamba pa 19 February 1945 n'kutha pa 26 March. A America anafa pafupifupi 6,800. A Japan analipo pafupifupi 21,000, ndipo ogwidwa amoyo nkhondo ili mkati anangopitirira pang'ono 200. Manambala amenewa ndinali nawo kale m'kope, koma sanandithandize kalikonse. Chinandithandiza ndi phanga limodzi.

Mufilimu yoyamba ija, anyamata a America akumva kuphulika kosamveka bwino kuchokera pansi pa nthaka, m'phiri la Suribachi. Akulowa m'phanga n'kupeza mitembo ya a Japan itang'ambikang'ambika, atadziphulitsa okha ndi mabomba a m'manja. Kamera ikuyenda limodzi ndi olowawo. Iwe woonera ukunyansidwa nawo limodzi, ndipo mumtima ukuti anthu awa ndi amisala. Palibe mtembo umene uli ndi dzina. Kenako mufilimu yachiwiri uli m'kati mwa phanga lotero anthu aja akadali moyo. Mkulu wawo walamula kuti afe mwaulemu. Mmodzimmodzi akuchotsa pini, akumenyetsa bomba pachipewa chake chachitsulo, akulikumbatira pachifuwa. Wina akulira, manja akunjenjemera, sakufuna, koma anzake akumuyang'ana. Ndipo Saigo, mnyamata wophika buledi amene anasiya mkazi woyembekezera kumudzi, akudziwa kuti mkulu wa chilumba chonse analamula kuti abwerere kumpoto, osati adziphe. Mitembo yomwe ija, koma tsopano ndimadziwa kuti uyu anali kuseka ndi anzake dzulo lake.

Apa mpamene ndinaimitsa filimu n'kuimirira. Zochitika sizinasinthe. Chasintha ndi malo amene kamera yaima basi. Ngwazi ndi munthu amene kamera yaima kumbuyo kwa phewa lake, amene imapita naye kukagona, imene imatiuza dzina la mkazi wake. Mdani ndi amene kamera imamuonera patali, kadontho kothamanga, mfuti yotulukira pabowo. Ungwazi suyambira pa kulimba mtima kwa munthu ayi, chifukwa m'mafilimu onse awiri anthu akuchita mantha mofanana. Umayambira pa mtunda umene uli pakati pa munthuyo ndi kamera.

Tonse tinakulira m'mavidiyo sho, kumene stelingi amapha anthu khumi pa mphindi imodzi holo yonse ikuombera m'manja, koma mnzake wa stelingi akangolasidwa paphewa aliyense kukhala chete. Anthu khumi aja sitinawalire chifukwa wojambula sanatipatse mpata woti tiwaone nkhope. Nzeru yake ndi yomweyi, kungoti Eastwood anaichita kawiri mosinthanitsa kuti uigwire ndi manja.

Taonani nkhani ya mbendera. Pa 23 February 1945 Joe Rosenthal wa bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press anajambula asilikali asanu ndi mmodzi akudzutsa mbendera pamwamba pa Suribachi. Inali mbendera yachiwiri tsiku limenelo, yolowa m'malo mwa yoyamba yaing'ono, ndipo nkhondo inali ikadali kutali ndi kutha. Atatu mwa anyamata a pachithunzicho anafera pachilumba pomwepo. Boma linatenga atatu amene linkati ndiwo otsala a pachithunzicho, Ira Hayes, Rene Gagnon ndi John Bradley, n'kuwayendetsa m'mizinda kukakopa anthu kuti abwereke boma ndalama za nkhondo, ndipo kampeni imeneyo inasonkhanitsa madola pafupifupi 26 biliyoni. Filimu yoyamba ikuonetsa akuwakweza phiri lopanga lamapepala m'bwalo la masewero, anthu akukuwa. Paphwando lina akuwapatsa ayisikirimu woumbidwa ngati iwo omwe akudzutsa mbendera, woperekera zakudya n'kuthirapo madzi ofiira a sitiroberi. Sindinaonepo chithunzi chonena zambiri mwachidule chonchi. Hayes, wa mtundu wa Pima, umodzi wa mitundu ya eni nthaka a ku America, anamutcha ngwazi masana koma malo ena omwera ankamukaniza kulowa, ndipo anamwalira mu 1955 mowa utamudya. Ndiye mufilimu yachiwiri mbendera yomweyo, imene dziko lonse la America linailambira, ikungooneka ngati kanthu kakang'ono patali pamwamba pa phiri. Kwa amene ali m'phanga tanthauzo lake n'lakuti phiri lapita.

Chinanso chimene chinandisangalatsa mopitirira muyezo: filimuyo itatuluka kale, gulu lankhondo la Marines linalengeza mu 2016 kuti Bradley sanali pachithunzi chija, anali Harold Schultz, ndipo mu 2019 linati Gagnon nayenso ayi, anali Harold Keller. Anthu anajambulidwa chakumsana, nkhope sizikuoneka, ndiye dziko linangoikapo maina amene linawafuna msanga. Filimu yonena kuti ngwazi zimachita kupangidwa inapezeka kuti nayonso yagwira ngwazi zolakwika.

Njira imene yandifikitsa apa ndi iyi, ndipo ndikuiikira kumbuyo ndi mtima wonse. Zimitsani mawu. Tengani pepala, ligaweni pawiri. Chithunzi chikangosintha, imitsani, mulembe kumanzere munthu amene nkhope yake yadzaza sikirini, kumanja amene akuoneka patali kapena chakumsana. Mukatero kwa mphindi khumi, pepala likuuzani lokha kuti filimu ili mbali ya ndani, musanamve liwu ngakhale limodzi. Nyimbo ndi imene imatinamiza, imakuuza nthawi yolira usanaganize. Ine ndikuti njira imeneyi ikuposa mabuku onse amene ali pamndandanda wa kosi, ndipo ikanakhala mphamvu yanga bwenzi sabata yoyamba ya chaka choyamba aliyense akuchita zimenezi basi. Mnzanga wina akuti ndikukokomeza, akuti m'filimu yachiwiri ija makalata owerengedwa ndiwo mtima wa nkhani, ndiye ukazimitsa mawu watsala ndi chiyani? Ali ndi kamfundo pang'ono. Pali malo amene Baron Nishi, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Japan, yemwe anapambanadi mendulo yagolide pa mpikisano wa mahatchi ku Olympics ya ku Los Angeles mu 1932, akuwerengera asilikali ake kalata imene apeza pa mnyamata wa ku America amene wafera m'manja mwawo, kalata ya mayi ake yonena tinkhani ta pakhomo. Koma ngakhale pamenepo, zimitsani muone: kamera ikuyenda pankhope za a Japan mmodzimmodzi akuimirira. Pepala langa linaigwira.

Chondipweteka n'chakuti zonsezi ndazipeza ndekha usiku, pafoni, bandulo ikutha. M'kalasi taphunzira mafilimu miyezi yonseyi osaonera filimu. Aphunzitsi amafika, amatsegula laputopu, amawerenga matanthauzo, ife n'kumakopera. Projekita akuti inawonongeka. Ukafunsa chitsanzo, yankho n'lakuti kafufuzeni. Sindikuti sadziwa, amadziwa kwambiri, koma kalasi ndi yodzaza, silabasi akuithamangitsa, ndipo mayeso amafuna ubweze mawu awo omwewo. Mphindi zisanu za phanga lija zikanatipulumutsa masabata angati? Pano masiku opereka asayimenti ayandikira, maphunziro ena nawo akudikira, ndipo ndikulemba zinthu zimene ndikanafuna kukhala nazo mwezi wathunthu.

Komabe pali pamene mfundo yanga ikutsimphina. Akuluakulu awiri amene filimu yachiwiri ikutikondetsa, General Tadamichi Kuribayashi, mkulu wa chilumba chonse uja, ndi Nishi, onse ndi anthu amene anakhalako ku America ndipo anali ndi anzawo kumeneko. Ouma mtima ndi amene sanaionepo America. Ndiye kodi iyi ndi mbali ya a Japan, kapena ndi America ikudziyang'ana kudzera m'maso mwa mdani amene yamusankha yokha? Ndiponso Kuribayashi yemweyu anali mkulu m'gulu lankhondo limene linalanda Hong Kong mu 1941. Munthu wa ku China amene makolo ake anaona asilikali a Japan akupha anthu miyandamiyanda mumzinda wa Nanjing mu 1937 angaonere bwanji maola awiri akumvera chisoni asilikali a mfumu ya Japan? Kamera ikaima pafupi ndi aliyense timamumvera chisoni, ndiye kuti ingathenso kutsuka aliyense.

Ndipo mbali si ziwiri zokha. Spike Lee, wopanga mafilimu wakuda wa ku America, anadzudzula Eastwood mu 2008 kuti asilikali akuda amene anali pa Iwo Jima sakuoneka mokwanira. Kwathu kuno agogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenyana ndi a Japan omwewa m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Papepala langa lija iwo sangapezeke kumanzere kapena kumanja. Sindinaganize bwino ngati zimenezi zikulimbitsa mfundo yanga kapena zikuigwetsa, ndipo mwina ndikaziika mu asayimenti aphunzitsi adzati ndatuluka pamutu. Ndiyamba ndalemba za phanga lija, zinazo ndiona malo akatsala.