Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chaka chimene makhansala anabwerera

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinasamutsa makina anga osokera kuchoka ku Linthipe n'kudzakhazikika pakhonde la sitolo ina pa Dedza boma. Lero ndikambe za miyezi yoyambirira ya 2014, nthawi imene matelala tinkagona mochedwa chifukwa cha nsalu za zipani.

Chisankho cha pa 20 May chaka chimenecho chinali choyamba cha patatu: pulezidenti, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi. Makhansala tinali titawaiwala. Omaliza anasankhidwa mu November 2000, ndipo nthawi yawo itatha mu 2005 makhonsolo anangotsala m'manja mwa ma DC. Anyamata obwera kudzasoketsa malaya ankandifunsa kuti kodi khansala amagwira ntchito yanji. Sankachita chipongwe ayi, anali asanamuonepo chibadwire chawo chandale.

Pachingwe changa pankalendewera nsalu za tambala wa Kongeresi zambirimbiri, paja kuno n'kwawo kwa a John Tembo. Panalinso zaolenji za PP, zabuluu zachimanga za DPP, ndi zachikasu za UDF apo ndi apo. Ya chipani changa cha AFORD palibe anabwera nayo, ngakhale kachidutswa kosokera thumba la malaya.

Ambiri amadabwa kuti Mchewa wa ku Linthipe analowa bwanji AFORD. Bambo anga anagwira utenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo chaka ndi chaka ankabwera kumudzi ndi ngongole ya ufa ndi feteleza m'malo mwa ndalama. Nditamva kuti a Chakufwa Chihana, munthu wa mabungwe a anthu apantchito amene anadzatsogolera AFORD, atsika ndege ku Lilongwe pa 6 April 1992 akudziwa bwino kuti apolisi akuwadikira, mtima wanga unapita komweko. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndinavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, pamene m'mudzi mwathu pafupifupi aliyense anali wa tambala. AFORD inapeza aphungu 36 mu 1994. Pofika 2004 anatsala 6. A Chihana anamwalira mu 2006, ndipo mu 2009 tinangopulumutsa mpando umodzi.

Tsiku lina mlamu wanga, wa Kongeresi weniweni amene amagulitsa mbatatesi pamphambano ya ku Bembeke, anakhala pabenchi langa kudikira buluku lake.

"Alamu, chipani chanu chija chikadapumabe?"

"Chilipo, alamu. Mudzachiona ku Mzuzu."

Ndinatenga choko cholembera nsalu n'kuwajambulira timabokosi pathebulo. Ndinawauza kuti meya kuno kwathu sitimusankha ife ovota, amasankhidwa m'khonsolo momwemo makhansala akalumbira. Ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu kuli mameya, ife a ku Dedza tili ndi wapampando wa khonsolo, koma njira yake ndi yomweyo. Choncho chipani chaching'ono chikagwira mawodi atatu kapena anayi mumzinda umene akuluakulu agawana mavoti, palibe angavale mkanjo wa umeya osachigogodera pakhomo. Mlamu anayang'ana timabokosi tija nati, "Nanga mawodi atatuwo muwatenga ndi chiyani, poti mtsogoleri wanu ali m'boma la amayi?"

Funso limenelo linandikhala pamtima, chifukwa linali loona. Mtsogoleri wathu, a Enoch Chihana, anali nduna m'boma la a Joyce Banda, ndipo wovota wa ku Mzuzu akanatha kunena kuti bola ndingovotera olenji weniweniyo. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anthu onse, adani ndi abwenzi omwe, ankatitenga ngati chipani cha kumpoto basi. Za anthu apantchito zija zinali zitazimiririka m'makutu mwa anthu. Chikhalirecho nkhani za khansala ndi zomwezo zimene chipani chotere chinabadwira. Mayi wogulitsa tomato amadula tikiti ya msika tsiku lililonse, koma akafuna chimbudzi alipirenso. Mlimi wa mbatatesi amagulitsa pathumba, ndipo mavenda amabwera ndi matumba osokerera chigamba pamwamba kuti alowemo ochuluka pamtengo womwewo. Ine monga telala ndinkaona ulusi wake ndi maso angawa, ndipo ndinkadziwa kuti msoko uliwonse pamenepo ndi thukuta la munthu. Akabaza analibe poima povomerezeka. Zimenezi sizifuna pulezidenti. Zimafuna munthu wolankhula m'khonsolo, pamene amakambirana malamulo a misika.

Pa boma tinalipo ochepa okhulupirira zimenezi, ndipo tinkakumana madzulo pakhonde langa ndikatseka makina, titafunda majekete chifukwa cha chisanu cha ku Dedza. Tinagwirizana zopempha mayi wina wamsika, wolimba pakamwa komanso wosaopa odula matikiti, kuti aimire wodi yathu. Anavomera, koma anatiuza mosabisa kuti dzina la chipani chathu limugwetsa asanayambe n'komwe, ndiye aima payekha. Tinakangana mpaka usiku, ena anachoka okwiya. Ine ndinavomera, ndipo tinasonkherana ndalama zokaperekera mapepala ake ku bungwe la zisankho. Diresi yake ya kampeni ndinasoka ndine, ya nsalu yopanda nkhope ya munthu aliyense.

Za mmene tinayendera khomo ndi khomo, ndi zimene a mfumu ena anatiyankha, ndidzafotokoza m'gawo 18.